Pikapu Yosapereka Moni

Panali munthu wina, madalaivala anzanga, amene anali ndi pikapu yoyera, yachikale koma yolimba. Ankanyamulira chimanga, njerwa, mbuzi ndi anthu a matola pamsewu wafumbi wochokera kwawo kukafika ku tala. Pikapu imeneyo ndiyo inali khasu lake. Ana ankadyera momwemo, ndipo ina analibe.

Munthuyu anali ndi kachizolowezi kake. Sankadutsa anthu osapereka moni. Akafika pachigayo, hutala kawiri, pi-pii, dzanja panja. Pamjigo chimodzimodzi. Akafika pamphambano pomwe amayi amagulitsa tomato ndi anyezi, ankachita kuchepetsa liwiro n'kusuzumira pawindo: "Mwadzuka?" Kaya ndi m'mawa, kaya dzuwa lili paliwombo, kaya lapendeka, funso lake linali lomwelo. Mapeto ake dzina lake lenileni linaiwalika, aliyense ankangoti a Mwadzuka.

Tsono a Mwadzuka anali ndi mlamu wawo, nayenso wa pikapu. Yake inali yofiira, yatsopano, yochita kuphanima. Ameneyo pa nkhani yosamala galimoto ankaposa tonse tili pano. Chiwongolero ankachimanga ndi loko wachitsulo. Pansi pa mpando anabisa kaswichi kodula mafuta. Nambala ya galimoto anailembetsa pa magalasi onse. Anaikitsanso alamu ija imalira ngakhale nkhuku ingodutsa pafupi. Koma akamayenda, mawindo tseke, maso patsogolo, ngati m'mbali mwa msewu mwamera mitengo yokhayokha.

Tsiku lina mlamuyo anati, "Alamu, batire mukulithera moni. Mbava siziopa moni. Gulani loko, muikitsenso alamu."

A Mwadzuka anaseka mpaka kugwira nthiti. "Alamu ina yachiyani? Alamu ndili nawo kale, ndi inuyo, ndipo mumalira tsiku lonse! Kunotu aliyense amandidziwa. Angandibere ndani?"

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa tsoka silinunkha.

Linafika Lachisanu lina, mawa lake kuli chinkhoswe cha mwana wawo wamkazi. Pikapu ija ndiyo inkayenera kukatenga achibale ndi mipando. A Mwadzuka anati bambo wa mwana sangakaime pagulu tsitsi lili nyankhalala, choncho anapita kokametetsa patauni yawo yaing'ono. Galimoto anaiimika kuseri kwa golosale, pamthunzi wa mango. Makiyi anawasiya momwemo akulendewera. Ankati angolowa n'kutuluka. Ee, "ndingolowa n'kutuluka" ameneyu wadyetsa magalimoto ambiri!

Panali mlendo wina patauniyo, wovala jekete labwino ndi nsapato zopolisha. Sankaoneka ngati mbava, ndipo mbava yeniyeni imaoneka ngati mbava liti? Anasuzumira, anaona makiyi, anatsegula chitseko ngati mwini wake. Mometera muja wailesi inali pamwamba, makina ometera ali pakhutu pomwepa, dzzz. A Mwadzuka maso ali tsinzini, osamva kanthu.

Mbava ija inalunjika ku tala. Inkadziwa kuti ikangoponda tala basi zatha: pofika mawa galimoto yasintha mtundu, kapena yaphwasulidwa kukhala masipeya. Inakweza mawindo kuti isaoneke nkhope. Inadutsa pachigayo, zii. Inadutsa pamjigo, zii. Inafika pamphambano n'kudutsa chothamanga, fumbi lonse kobo pa tomato wa anthu.

Pamphambanopo panali mayi wina dzina lake Nankhoma, wogulitsa tomato, munthu wosasunga mawu m'kamwa. Anaimirira, manja m'chiuno.

"Aa! A Mwadzuka atidutsa osatipatsa moni? Chinkhoswe cha mawachi ndiye chawakweza mapewa? Kapena tawalakwira?"

Anzake anati, "Asiyeni, mwina achedwa."

"Achedwa? Tsiku lija ankathamangira kuchipatala ndi mayi wapakati, hutala sanaimbe? Ayi, ine zandiwawa. Ndiwafunsa."

Mumvetse bwino apa. Nankhoma sankaganiza za mbava ayi. Anamasula foni pansonga ya chitenje kuti awakalipire basi.

"A Mwadzuka, mwayamba liti kunyada? Kutidutsa ngati ndife zitsa, n'kutithira fumbi pa tomato?"

"Mayi, mukunena ine? Inetu ndili pampando, akundimeta."

"Nanga yadutsa apa ndi galimoto ya yani?"

A Mwadzuka anadzambatuka. Anatuluka nsalu yometera ili m'khosi, mutu mbali imodzi mpala, mbali ina tchire. Kuseri kwa golosale anapeza mthunzi wa mango wokhawokha. Anangoti, "Mayo, ana anga!"

Koma Nankhoma sanadikire kuti auzidwe chochita. Kutsogolo, usanafike ku tala, kunali kamlatho kopapatiza kodutsa galimoto imodzi. Amuna ake ankatuta mchenga ndi ngolo mumtsinje womwewo. Anawaimbira.

"Bambo a Tiyese, siyani fosholo. Ya a Mwadzuka yabedwa, ikubwera uko. Tsekani mlatho."

Msewuwo unali wa mabampu, ndipo pikapu yachikale ili ndi makhalidwe ake omwe amadziwa mwini yekha. Giya yachitatu inkatuluka yokha ukapanda kuigwirira. Mbava inalimbana nayo, thukuta kamukamu. Mmene inkafika pamlatho, inapeza ngolo yodzaza mchenga itaima mopingasa, ng'ombe zitamasulidwa zikudya msipu pambali. Mwini ngolo anali atakhala pamwamba pa mchenga akutafuna nzimbe.

Apa m'pamene mbava inakumbukira kuti galimoto ili ndi hutala. Inaimba motalika, mwaukali, piiiii!

Mwini ngolo anatsika pang'onopang'ono. Anafika pawindo, anagogoda ndi nzimbe ija. Windo litatsika, anaweramira mkati n'kufunsa mwaulemu:

"Mwadzuka?"

Mbava inaganiza zothawa. Poti icheuke ibwerere m'mbuyo, inaona otuta mchenga ataima kale kumbuyoko ndi mafosholo awo. La fote linali litakwana. Panalibe womenya munthu. Anthuwo anangozimitsa injini, anachotsa makiyi, n'kuitana achitetezo cha m'mudzi kuti apite naye kupolisi.

Posakhalitsa anatulukira a Mwadzuka pa kabaza, nsalu ija ikuuluka m'khosi, mutu uli theka. Anthu anaseka mpaka kugwa pansi. Iwo analibe nazo ntchito. Anakumbatira boneti ya pikapu yawo, misozi ili mbwembwembwe, akuseka nawo limodzi.

Pobwerera anaima pamphambano kuti athokoze Nankhoma. Mlamu uja naye anafika pomwepo, atamva mbiri. Anaimika yofiira ija patali pang'ono, anamanga chiwongolero, anatseka zitseko zonse, n'kubwera akupukusa mutu.

"Alamu, ndinkanena ine. Mukanachotsa makiyi, mukanamanga loko, bwenzi zonsezi kulibe."

A Mwadzuka anavomera. "Mwalasa, alamu. Lero ndilibe pakamwa."

Mlamuyo anakondwa kuti wapambana. Ndiye anatembenukira kwa Nankhoma, mocheza: "Nanga mayi, ikanakhala yanga, mukanaimbanso foni chomwechi?"

Nankhoma anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sankafuna kumunyoza, ankafunsa zoona.

"Pepani bambo, yanu ndi iti?"

Munthu woti wadutsa pamphambanopo tsiku ndi tsiku kwa zaka ziwiri! Anthu anaphulika nako kuseka, koma mlamuyo sanaseke. Manyazi anamugwira, anangoyang'ana pansi.

Chinkhoswe chinayenda bwino, mutu wa a Mwadzuka atamaliza kuumeta. Pa mphatso zonse zomwe zinabwera tsikulo, panali imodzi yomwe sinali ya mwana. Mlamu uja anabweretsera a Mwadzuka loko wa chiwongolero atamukulunga m'pepala lamaluwa. Ndipo Lolemba m'mawa, amayi a pamphambano anadabwa kumva hutala yachilendo, yamanyazi, kamodzi kokha. Windo la pikapu yofiira linatsika pang'ono, mukutuluka kadzanja.

Tsono inu, madalaivala anzanga, musachoke pano n'kumakanena kuti mkulu uja wati moni ndi loko. Sindinatero ayi. A Mwadzuka anataya galimoto chifukwa cha makiyi, ndipo pakanapanda kamlatho kaja bwenzi lero akuyenda wapansi. Ukatsika, chotsa makiyi, ngakhale ukungogula machesi. Manga chiwongolero. Imika poonekera, mthunzi wa kuseri usakunyenge. Kaswichi kobisika kaja kaikitse, ndipo usamakaonetse aliyense pa bawo.

Koma chitsulo chikagonja, otsala ndi anthu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo moni naye amaikika. Ndiye pobwerera lero, uyang'ane m'mbali mwa msewu wako n'kudzifunsa: galimoto yanga itadutsa mawa ili ndi munthu wina, alipo amene zingamuwawe kuti sindinamupatse moni?