Malo a Samal pa Bwato

Panali munthu wina ku zilumba za Faroe, kutali kumpoto, kumene nkhosa n'zambiri kuposa anthu ndipo mtengo ndi chinthu chochita kufunafuna. Dzina lake linali Samal. Anabadwira m'mudzi waung'ono pa kachilumba kopanda doko. Kugombe kunalibe mchenga, kunali thanthwe loterera lotsetserekera m'nyanja. Bwato likabwera kokawedza linkayenera kukokedwa nthawi yomweyo, apo ayi mafunde ankaliphwanya.

Bwato la mudziwo linali lolemera, ndipo polikoka linkafuna amuna asanu ndi atatu, anayi mbali iyi, anayi mbali inayo. Mnyamata akakula ankapatsidwa malo ake ogwira, ndipo ankakhala ake mpaka mphamvu zitamuthera. Samal anapatsidwa kumbuyo, kumene bwato limalemera kwambiri ndipo madzi amafika m'mawondo, chifukwa anali ndi mapewa ngati a ng'ombe yapangolo.

Kumeneko mpikisano wopalasa bwato ndi nkhani yaikulu, monga mpira kuno kwathu. Anthu a m'tauni ya likulu ataona mmene Samal ankagwirira nkhafi, anamuitana kuti akapalase m'gulu lawo. Anapita, ndipo anapambana chaka ndi chaka. Zikho zinadzaza pashelefu. Anyamata a kumudzi ankamva dzina lake pa wailesi, mitima n'kumawauluka. Iye, pofuna kuwathandiza, ankawapezera malo m'gulumo ndi ntchito kudoko. Anachoka mmodzi, kenako wina, kenako wina. Palibe amene ankati n'zoipa.

Msana utayamba kudandaula, Samal anasiya nkhafi n'kulowa ndale. Mavoti sanamuvute, pakuti munthu amene mwamuombera m'manja zaka zambiri dzanja silivuta kumuchongera. Anakhala phungu, kenako nduna, kenako mtsogoleri wa boma la zilumbazo. Sanali wakuba ndipo sanali waulesi. Anamanga misewu, anaboola mapiri, ndipo anthu ankamukonda.

Tsono panabwera nkhani ya sitima imene inkapita ku kachilumba kakwawo. Anzake a m'boma anati inkadya mafuta ambiri ponyamula anthu ochepa. Anakonza lamulo loti sitimayo ileke, ndipo anthu otsalawo apatsidwe nyumba zabwino m'tauni. Boma la Samal linkaposa otsutsa ndi voti imodzi yokha, ndipo anzakewo anamuuza poyera kuti lamulolo likakanika, iwo achoka ndipo boma ligwa. Samal anaona kuti mfundo zawo zinali zomveka. Anangoti apite yekha akawauze, chifukwa uthenga wotere sutumizidwa ndi munthu wina.

Sitima sinkafika pathanthwe paja. Inkaima patali, ndipo bwato la m'mudzi linkapita kukatenga anthu. Amene anabwera kudzamutenga anali mkulu wake, Tummas, munthu wosalankhulalankhula, imvi mbuu. Tsikulo nyanja inali itayamba kukwiya. Anafika kugombe, Samal n'kudumphira pamtunda ndi suti yake, n'kuima pambali monga amachitira alendo.

Amuna a m'mudzi anathamangira pa bwato, aliyense pamalo pake. Anali asanu ndi awiri, ndipo ena mwa iwo anali a msinkhu woti bwenzi akungoonerera. Anakoka, bwato linakwera pang'ono, kenako linaterereka. Anakokanso, linatererekanso, n'kupendekera mbali imene kumbuyo kunalibe munthu. Funde lalikulu linali likubwera. Palibe amene anamuitana. Samal anangozindikira ali m'madzi mpaka m'mawondo, nsapato zili kumapazi, phewa lake litalowa pansi pa thabwa limene linkalidziwa kalekale. Bwato linakwera.

Atapuma, Samal anafunsa kuti, “Achimwene, zaka zonsezi simunaikepo munthu pamalo pano?”

Tummas anati, “Tiikepo ndani? Ndi pako. Ena amene akanagwirapo unawatenga iwe. Masiku ano timalowa m'nyanja kukakhala bata pokha, ndipo bata la kuno ukulidziwa.”

Madzulo ake anthu anasonkhana m'kachipinda ka sukulu. Samal anaima thalauza lili lonyowa, ndipo anawauza zonse osabisa: za mafuta, za nyumba za m'tauni, ndi zoti mudzi wachepa anthu. Anthu anamvetsera mwaulemu. Palibe amene anakalipa. Tummas yekha ndi amene anayankha.

“Wanena zoona, mng'ono wanga, tachepadi. Komatu lero bwato lakwera.”

Mawu amenewa anamupweteka Samal kuposa mwano. Anachita manyazi, chifukwa anaona kuti mudzi umene ankati wafa wokha unkangoperewera munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali iyeyo.

Tsiku lovota litakwana, Nyumba ya Malamulo inadzaza. Lamulolo linali la boma lake, ndipo dzina lake linali pamwamba. Atafunsidwa, anaimirira n'kuvota kuti ayi. Lamulo linakanika ndi voti imeneyo. Anzake anachita zimene analonjeza, boma linagwa, ndipo pa chisankho chotsatira chipani chake sichinamuimikenso. Anthu a m'tauni ankati wasinthanitsa mpando ndi thanthwe loterera. Ena ankati ukalamba wamuyamba msanga.

Samal analongedza katundu n'kukwera sitima yomwe ija, imene inali ikuyendabe. Kumudzi sanamuimbire nyimbo kapena kumuphera nkhosa. M'mawa mwake Tummas anangomugogodera pakhomo n'kunena kuti, “Dzuka, anduna, nsomba sizidikira.” Samal anapita kukagwira pamalo pake. Chikho chimodzi mwa zikho zake zija, chachikulu chokhala ndi zogwirira ziwiri, chinapezeka kuti n'chabwino kukapira madzi m'bwato, ndipo chinathera komweko.

Msana wake sunalinso wakale, ndipo zaka zimene anagwira sizinali zambiri. Koma pa zaka zimenezo bwato linkalowa m'nyanja ngakhale kopanda bata, ndipo nsomba zinkabwera. Mmodzi mwa anyamata amene anawatengera kutauni atamva zimenezi, anabwerera ndi mkazi ndi ana. Tsiku limene phewa la Samal linakana, munthu ameneyo ndi amene analowa m'madzi m'malo mwake.

Ndiye inu abale amene muli pano, ambirife tinachoka kwinakwake. Tikakhala m'tauni timadziwa kunena kuti kumudzi kulibe chitukuko, mpingo wakwathu unatha, banja lathu ndi losagwirizana. Mwina tikunena zoona. Samal nayenso ankanena zoona. Koma powerenga amene atsala, tisaiwale kuwerenga amene anachoka, tiyambe ndi ife eni. Mutu umodzi susenza denga, inde, komanso denga limapendekera kumene mutu umodzi wachoka. Sindikuti nonse musiye ntchito mubwerere kwanu mawa. Ndikuti pali penapake pamene anthu akukoka ali operewera, ndipo sanakuitaneni chifukwa amakulemekezani. Pitani mukaone ngati malo opanda munthuwo si anu.