Muyeso Umene Unkakana Tsiku Lolondola

Panali munthu wina amene ntchito yake inali kuyesa mapulogalamu a kompyuta asanapite kwa eni ake. Anali wosamala, komanso wodzimva pang'ono, monga amakhalira anthu amene sapezeka ndi cholakwa kawirikawiri. Atatopa ndi kulemba muyeso pa chinthu chilichonse, analemba muyeso umodzi woti uzigwira zonse, kaya ndi mayina, manambala kapena masiku. Muyesowo unkatenga zinthu ziwiri, chimene chikuyembekezeka ndi chimene pulogalamu yatulutsa, n'kufunsa funso limodzi: kodi ichi ndi chomwe chija?

Mu ofesi yomweyo munali mayi wina, a Nachisale, amene anali akadali pa miyezi yoyesedwa ntchito. Iwo analemba gawo la pulogalamu lowerengera tsiku limene mayi woyembekezera ayenera kubwereranso ku sikelo. Munthu uja atayendetsa muyeso wake pa gawolo, unakana. Anayendetsanso, unakananso. Lachisanu linali tsiku lopereka lipoti kwa bwana, ndipo lipoti loipa likanawachotsetsa ntchito mayiwo. Mtima unamuwawa, koma ankakhulupirira muyeso wake kuposa munthu.

Lachinayi masana a Nachisale anabwera n'kuima pafupi ndi tebulo lake.

"Achimwene, musanatumize, tatsegulani ziwirizo tione zimene zili m'kati."

Munthu uja anatsegula monyinyirika. Kumanzere kunali 14 Meyi. Kumanja kunalinso 14 Meyi.

Apa m'pamene anakumbukira. Tsiku mu pulogalamu imeneyo linali ngati njerwa yowotcha: likapangidwa silisinthidwanso. Ukafuna kuwonjezera masabata anayi, sukhudza lakalelo, umapanga lina. Choncho tsiku limene a Nachisale anatulutsa linali latsopano ndithu, koma lolondola. Muyeso wake unkakakamira kuona njerwa yomwe ija, pamene womanga nyumba amangofuna njerwa ya chikombole chomwecho.

Anachita manyazi, kenako anadziseka yekha. Safunsa anadya phula, ndipo iye phulalo linali litafika kale pamlomo. Anafufuta lipoti lija, n'kusintha funso la muyesowo kuti uzifunsa ngati za m'kati mwa ziwirizo zili zofanana. Atauyendetsanso, unavomera.

"Mayi, wolakwa ndinali ine," anatero. "Ntchito yanu ilibe vuto."

"Palibe kanthu, achimwene. Bola azimayi asaphonye sikelo."

A Nachisale anakhazikika pa ntchitoyo, ndipo munthu uja anaweruka tsiku limenelo mtima uli mbee.

Tsono inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, mverani. Chinthu chimene sichisinthika chimadziwika ndi zimene chasunga, osati malo amene chakhala. Ziwiri zikasunga zofanana, nzofanana basi. Muyeso nawo umalembedwa ndi munthu, ndipo umayankha funso lokhalo limene munaupatsa. Ukadzakana, musanaloze mnzanu chala, yambani mwatsegula ziwirizo muone m'kati.