Mlatho Kapena Phiri

Tsiku lomaliza limene Mateyo anawaona bambo ake ali moyo, awiriwo anali pamthunzi kwawo ku Vubwi, thabwa la masewera lili pakati pawo. Bambowo, a Dickson, anali msilikali wopuma, ndipo masewerawo anachita kupeka okha. Pathabwapo anajambula mtsinje, mlatho ndi phiri, monga analili malo amene ankalondera kumalire ali mnyamata. Zotsekera mabotolo ndizo zinali asilikali: zofiira zawo, zobiriwira za mwana wawo.

Mateyo anali asanawapambanepo. Chisiyireni koleji panjira ku Chipata, kugonja kulikonse kunkamulowa mpaka m'mafupa.

"Njira zilipo ziwiri," anatero a Dickson uku akutsokomola. "Uwoloke pamlatho, ndikudyere anthu atatu. Kapena uzungulire phiri, ndikudzere kumbuyo. Sankha, mkulu wankhondo."

"Ndiganize kaye, atate."

"Ganiza. Koma ife tikanamaganiza chonchi, bwenzi iwe kulibe."

Mateyo anajambula thabwalo pafoni, nabwerera ku Katete kumene ankagulitsa mbewu ndi feteleza musitolo ya eni. Mumtima analumbira kuti sapondanso kumudzi asanapeze njira yopambanira. Ankafuna kuti bambo ake amuone, kamodzi kokha, atafikitsa chinthu kumapeto.

Analemba mtsinje ndi phiri pakatoni. Makasitomala akachepa, ankayendetsa miyala yake. Akatumiza asanu pamlatho, ankatsala awiri. Akazungulira phiri, kumbuyo kunkatsala pululu. Mwezi unatha, maso ali gwa pakatoni.

Mlongo wake wamkulu, Tryness, anamuimbira foni.

"Iwe, chifuwa cha atate chakula. Dzulo sanadye. Thabwa akukaniza kuchotsa, akuti nthawi ndi yako yosewera. Tikuchita kupirikitsapo nkhuku."

"Ndibwera, asisi. Ndatsala pang'ono kuwagwira."

"Ukugwira ndani? Munthu akulephera kunyamula kapu!"

"Madala aja n'chitsulo, musandiopseze."

Tryness anaimbanso kawiri sabata yotsatira. Mateyo ankangoyang'ana foni ikulira, poopa kufunsidwa tsiku.

Njira anaipeza mmawa wina akusesa musitolo. Apereke awiri pamlatho ngati nyambo, ndipo mdani akathamangira komweko, otsalawo azungulire phiri. Anayesa kasanu, osaona polowera bambo ake. Anaseka yekha, nakwera minibasi ya ku Chipata, kenako galimoto ya ku Vubwi.

Atatsika, anaona masamba aawisi atayalidwa panjira yolowera kwawo. Amuna anali atakhala panja mwakachetechete, amayi akulira m'nyumba.

Tryness anatuluka atamanga chitenje m'chiuno, maso ali psuu. Sanamukalipire.

"Atisiya mmawa uno," anatero. "Ankakufunsa mpaka Lamlungu. Kenako anangosiya."

Mateyo anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Njira yopambanira anali nayo m'mutu, yonse yathunthu, koma woti amuonetse panalibe. Akuluakulu sananame: ndionetsetse adathetsa nkhosa.

Linali Lachiwiri, pa 9 Julaye 2024.