Golide Amene Anagwa Pansi pa Botolo

Twaha Mbalaka anafika kwa Shehe Ndembo Lachinayi lina titangomaliza swala ya Asiri, pemphero lathu la madzulo. Kunali chiperoni, kamvula kowaza ka ku Limbe kaja kamene kamalowa mpaka m'mafupa. Ine ndinali mwalimu pamadarasa a mzikitiwo, ndipo ndinali pakhonde ndi a Shehe, Allah awachitire chifundo, pamene mlendoyo anatulukira.

Ndinkamudziwa. Anali wofufuza za sayansi pa labotale ina mumzindamo, munthu wophunzira zedi, ndipo mwini wakeyo sankalola kuti wina aiwale zimenezo. Ndinkadziwanso chimene aliyense wa kwawo ku Namwera ankadziwa, kuti iye ndi bambo ake, Che Mbalaka, anali atatha zaka zinayi osaonana. Paukwati wa mlongo wake Asiyatu, Twaha anakana kudyera mbale imodzi ndi abale ake, napempha yakeyake ndi supuni. Bambo ake anamudzudzula pamaso pa anthu, iye anakwera galimoto, ndipo kwawoko sanapondekonso.

Atapereka salamu anakhala pansi, akusamala thalauza lake kuti lisakhudze simenti.

"A Shehe, ndabwera kudzapempha duwa, kuti mutipempherere," anatero. "Bambo akudwala. Miyendo yatupa, kupuma kukuvuta. Mankhwala ndatumiza, koma ineyo kupita sindingathe, ntchito ili pakati. Ndamuuza Asiyatu kuti zikasintha andiimbire, ndinyamuka nthawi yomweyo."

Kunena zoona, mtima wanga unawawa, ndipo mawu akuthwa anali kale pakamwa. Koma a Shehe anangoweramitsa mutu.

"Duwa tichita, bambo Twaha. Koma tandiuzani za ntchito imene ili pakatiyo. Ine za kumeneko sindinaphunzire."

Nkhope ya Twaha inawala. Anapisa m'chikwama natulutsa timabotolo tiwiri totalika ngati chala. Koyamba kanali ndi madzi ofiira ngati a chidede. Kachiwiri kanali ndi madzi otuwa, ndipo pansi pake panali kafumbi kakuda.

"Umu muli golide," anatero akukweza kofiirako. "Ndi tizidutswa ting'onoting'ono zedi, mwakuti tikwanira masauzande pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Golide akachepa chonchi sakhalanso wachikasu, amafiira. Mzere wofiira uja mumauona pa kachida koyezera malungo, nthawi zambiri ndi golide ngati ameneyu."

"Subhanallah," anatero a Shehe. "Nanga bwanji samira? Golide ndimamva kuti ndi wolemera."

"Kachidutswa kalikonse timakaveka mankhwala ofanana ndi amene amawawasa mu ndimu. Chovala chimenecho chimapangitsa kuti tizidutswato tizikankhana, choncho timangoyandama, kalikonse pakokha."

"Nanga kabotolo kenako?"

Twaha anakayang'ana monyansidwa. "Aka kanali kofiiranso. Munalowa mchere pang'ono, mwina wa thukuta la chala changa chomwe. Mchere umafooketsa kukankhana kuja. Tiwiri timakumana n'kumatirirana, kenaka tinayi, kenaka timagulu. Madzi amasanduka abuluu, kenaka amatuwa, ndipo golide yense amagwa pansi monga mukuonamu. Ntchito yanga ndi kupeza mmene kumatirirana kumeneku kumayambira."

A Shehe anapempha kabotolo kotuwako. Anakagwira ndi manja awiri, monga mmene ankagwirira chinthu chilichonse cha mwini wake, nakayang'ana kwa nthawi yaitali.

"Mukakhutchumula mwamphamvu, kangafiirenso?"

"Ayi. Zikafika apa zatha."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti zayamba? Mumadikira kuti madzi asinthe mtundu?"

Twaha anaseka, kaseko kaja ka munthu amene wafunsidwa funso la mwana.

"Pepani a Shehe, amene amadikira mtundu ndi osadziwa ntchito. Maso amaona mochedwa. Tizidutswa timayamba kugwirana madzi akadali ofiira bwinobwino, ndipo akamadzasanduka abuluu zimakhala zitachitika kale. Tili ndi makina oyezera amene amaona msanga, koma umayenera kukhala pompo, kumayeza pafupipafupi. N'chifukwa chake sindingachoke."

"Simungasiye munthu wina kuti aziyang'anira, zikasintha akuimbireni?"

"Sizingatheke. Pomwe iye aziona, pomwe azindiimbira, pomwe ine ndizifika, ndidzangopeza fumbi lakuda ili."

A Shehe anayang'ananso kabotolo kaja. Mvula inali kudontha kuchokera pamalata. Ndinakhala nawo zaka khumi ndi ziwiri, koma nkhope yachisoni chotere sindinawaonepo nayo. Ine ndinali nditamva kale kumene nkhani ikupita, ndipo mkwiyo wanga unatha. Ndinangomumvera chisoni munthu uja, atakhala ndi timabotolo take, osadziwa kuti wadziweruza yekha.

A Shehe anamubwezera kabotolo kake.

"Mwandiphunzitsa bwino, bambo Twaha, ndipo Allah akuonjezereni nzeru. Tsopano ndiloleni nane ndikuuzeni chochepa chimene ndikudziwa. Ndili mnyamata ndinkaphunzira ku Nkhotakota, mayi anga akudwala ku Makanjira. Ndinamuuza mkulu wanga mawu omwe inu mwamuuza Asiyatu, akuti zikasintha munditumizire uthenga. Uthenga anatumizadi, sanachedwe nawo. Ine ndinanyamuka nthawi yomweyo, sindinachedwe nanenso."

Twaha anasiya kuseka.

"Inu mukudziwa mwambo wathu. Munthu akatisiya m'mawa, timamusambitsa, timamuveka sanda, timamuswalira, ndipo dzuwa lisanalowe amakhala ali m'manda. Sitidikira mwana wa ku Limbe, ngakhale ali ndi galimoto. Ine sindinawaone mayi anga, sindinagwire jeneza, chithatha chonyamulira maliro awo. Ndinapeza dothi lonyowa, ndipo papita zaka makumi asanu ndisanapeze woti ndimupepese."

"Koma a Shehe," anatero Twaha, mawu ake atatsika, "dzulo lomweli Asiyatu anati bambo adya phala, akulankhula."

"Madzi akadali ofiira, mwana wanga. Mwanena nokha kuti maso amaona mochedwa, ndipo golide wanu simungamusiyire munthu woti akuimbireni. Golideyo akagwa pansi mudzapanga wina sabata yamawa. Bambo anu akagwa, Asiyatu adzakuimbirani, ndipo inu mudzafika kudzaona dothi. Kwezani manja tichite duwa imene mwabwerera, kenaka mukayike timabotolo tanuto, munyamuke foni isanalire."