Beseni la Pamaliro

Kalekale ndithu, agogo a agogo anu asanamere mano, padali mudzi wina kuseri kwa phiri. Mwati "tili tonse" kapena mukung'ung'udza? Eya, tsopano ndamva. Iwe Lingilirani, choka kuutsiko, ungamalire nthano isanafike polirira.

M'mudzimo mudali beseni limodzi lalikulu lachitsulo, la mudzi wonse. Linkatuluka pakagwa maliro. Chakudya chikapsa ankalidzaza madzi n'kuliyendetsa kuti anthu asambe m'manja. Oyamba adali adzukulu ochokera kumanda. Kenaka abambo. Kenaka amayi. Ana pomalizira. Madzi omwewo! Pofika kwa ana adali atada bii, ngati a pachithaphwi.

Wonyamula beseniyo adali Nangondo, mtengwa. Mtengwa ndi mkazi wokhala kwawo kwa mwamuna, ndipo pamudzi pa eni sakweza mawu. Adali ndi ana awiri, Sautso ndi mlongo wake Dziwenji.

Chaka china kudagwa matenda otsegula m'mimba. Munthu ayamba m'mawa, madzulo watisiya. Anthu apita kumaliro, asamba m'beseni, adya. Masiku atatu, maliro ena. Asamba m'beseni, adya. Masiku atatu, maliro ena. Maliro ankabala maliro, ana inu.

Kudabwera mlangizi wa zaumoyo pa njinga yakapalasa, thukuta lili kamukamu. Adaima pabwalo n'kukuwa: "Mudzi wonse uno mukusamba m'beseni limodzi! Nonsenu! Palibe ndi mmodzi yemwe amene wasiya! Chikukuthani n'chimenecho. Muzithirirana madzi!"

"Zikomo alangizi, tamva," anthu adatero, akuomba m'manja.

Koma iye atangopalasa njinga yake, aliyense adati mumtima, "Paja ati tonse? Nanga ine ndine yani kuti ndiyambe?" Pajatu kukana beseni kudali ngati kunena kuti, "Manja anu ndi auve." Iwe Tadala, ungawauze apongozi ako mawu amenewo? Ukuseka chiyani? Sungathe!

Sautso adadwala Lachiwiri, Lachitatu adamuika. Nangondo ali pamphasa ya anamfedwa adaona beseni likuyenda. Lidadutsa adzukulu. Lidadutsa abambo. Lidadutsa amayi. Adaona Dziwenji akuviika timanja take m'madzi akuda aja. Pamenepa ine pamandiwawa nthawi zonse ndikamafotokoza.

Mwamwayi Dziwenji sadadwale ulendo umenewo. Nangondo adayamba kufunsa anzake mmodzimmodzi. Kuchitsime adanong'oneza Nachanza, "Anzanga, beseni lija inu simuliopa?"

"Ndimaliopa ngati njoka. Koma musanditchule."

Pamtondo adafunsa Nasimango.

"Ndimaliopa ngati njoka. Koma musanditchule."

Kunyumba adafunsa mwamuna wake. "Bambo a Sautso, inu kwanu ndi kuno. Kanenenitu kwa akuluakulu."

"Ine ndiyambe? Aziti ndayamba matama. Mutu umodzi susenza denga, mayi."

"Ndiye Dziwenji azitsala kunyumba."

"Wodzipatula pamaliro, ake akagwa amalira yekha. Ukufuna atitchule afiti?"

Mwaona? Kupita, imfa. Kusapita, ufiti. Aliyense akuopa beseni, aliyense akuviika manja.

Maliro ena atagwa, Nangondo adatenga msomali ndi mwala, adapita ndi beseni kuseri kwa nkhokwe. Kho! Kho! Kho! Nthawi ya chakudya adathiramo madzi anthu onse akuona. Madzi chuuu, onse pansi.

Apongozi ake aakazi, aNabengo, adadzambatuka. "Mtengwa iwe! Manja akowo ngotani? Chiwiya cha mudzi wonse!"

"Pepani amayi, ndalakwa ndine."

"Ndiye anthu adye osasamba?"

Nangondo adatenga ndowa ndi chikho, adakagwada pamaso pa mkulu wa adzukulu. "Bambo, tambasulani manja ndikuthirireni. Lero lokha."

Mkuluyo adayang'ana uku, adayang'ana uko. "Chabwino, lero lokha."

Abambo adatambasula manja. "Lero lokha." Amayi adatambasula manja. "Lero lokha." Palibe adanyozedwa, pakuti wolakwa adali mtengwa ndi manja ake oterera. Dziwenji adasamba madzi oyera mbee. Masiku atatu adadutsa. Sabata. Mwezi. Makasu a adzukulu adayamba dzimbiri.

Mukuti yatha? Khalani pansi!

Kudatulukira a Jelasi, mwana wa m'mudzi momwemo amene ankagwira ntchito kutauni, munthu wamtima wabwino. Pamutu atasenza chiyani? Beseni latsopano, lonyezimira ngwee! "Ndidamva kuti la mudzi lidabooka, ndiye ndati ndisabwere chimanjamanja."

Amayi adaimba nthungululu. Nachanza adaimba. Nasimango adaimba kuposa onse.

ANabengo adamuloza chala Nangondo pagulu. "Ili ulisamale. Ukaliboolanso ukupita kwanu. Ndipo upita wekha, mwanayu ndi wa pano."

Beseni lija adakaliika m'kanyumba kosungiramo ziwiya za mudzi, kopanda loko. Nangondo akamapita kuchitsime ankadutsa pomwepo. Chakudya sichinkamulowa. Akaliboola, Dziwenji amulanda. Akalisiya, Dziwenji aviika manja. Ankamuyang'ana mwanayo akusewera fulaye pabwalo, misozi n'kumangotsika yokha.

Mvula itayamba, matenda aja adabukanso m'mudzi wa tsidya, ndipo mkulu wina amene adakacheza kumeneko adabwera akudwala, adamwalira. Tsiku loika maliro, amayi ali kalikiliki kuphika, Nangondo adamanga msomali pansonga ya chitenje.

"Bola akhale moyo," adatero, "ngakhale ndizingomva kwa anthu kuti wakula."

Adalowa m'kanyumba kaja. Adanyamula beseni kuti aone poboola, adalilozetsa kukhomo. Aaa! Kuwala kwa dzuwa kudalowera pansi pa beseni. Bowo. Lina apa. Lina apo. Adawerenga: anayi! Lina la msomali waukulu, lina laling'ono, lina lokhotakhota ngati la mpeni, lina lochita kung'ambika, la munthu amene adamenya mothamanga. Iye msomali wake udali ukadali pachitenje.

Ali chiimire, pakhomo padada. ANabengo! Adalowa mozemba, dzanja limodzi atafumbata. Ataona mtengwa wawo adadzidzimuka, dzanja lidafumbatuka, kanthu kadagwa pansi. Msomali.

Adayang'anana. Nangondo adayang'ana msomali. ANabengo adayang'ana beseni.

Kenaka aNabengo adaponda msomali uja ndi phazi, adakhosomola pang'ono, adati, "Mabeseni a masiku ano, mwana wanga, ngosalimba."

"Zoona amayi, ngosalimba."

"Nanga waimiranji? Katenge chikho. Ndipo lero uyambire ana, adzukulu adikire."

Dziwenji adakula, adabereka ana asanu ndi awiri. Mpaka adakalamba, m'mudzimo simudapezeke munthu wovomera kuti adagwirako msomali. Aliyense ankangodandaula za mabeseni osalimba.

Yanga yathera pomwepa, kaphuleni chinangwa chija chisanasanduke khala. Munthu sumusintha pomukalipira, umutsegulire kanjira koti adutse popanda manyazi.