Pemphani pa Thanthwe la Bunda

Ku Biwi, mumzinda wa Lilongwe, mumzere wa owotcherera zitsulo, munalibe munthu wachangu ngati Pemphani. Geti loti ena alipange sabata yathunthu iye ankalimaliza dzuwa lisanapendeke, ndipo mawu oti "dikira" kwa iye anali ngati chipongwe.

Loweruka lina a kwaya ya kumpingo kwawo anapangana zokwera phiri la Bunda kuti akaonere pamwamba dzuwa likulowa. Pemphani anali ndi zake kumtima. M'thumba la jekete anabisa mphete yoti akamuveke Vaileti, telala wa ku Kaliyeka amene anali naye pa chibwenzi. Chinsinsichi ankachidziwa ndi Malizani yekha, mkulu wa kwayayo.

Atangoyamba chitunda, Vaileti anatsalira. Ankati akayenda pang'ono n'kuima, manja m'chiuno, ali wefuwefu. Pemphani maso anali padzuwa basi.

"Akulu, ine ndidutsa apa," ananong'oneza Malizani, akuloza thanthwe la m'mbali mwa njira. "Ndikafike msanga ndikakonze malo."

"Mphwanga, njira ndi iyi," anatero Malizani. "Woti umuveke mpheteyo ali kumbuyo. Nanga ukuthamangira kukaveka ndani?"

"Mukandipeza pamwamba," anayankha Pemphani, n'kupatuka.

Poyamba miyendo inamumvera. Koma thanthwelo linanka liimirira mpaka anafika pakamalo kongokwana mapazi awiri. Kumtunda kunali see ngati galasi. Atayang'ana pansi, mutu unazungulira. Anakakamira mwala ngati buluzi. Munthu wopinda zitsulo ndi manja analephera kusuntha ngakhale chala.

Ali chikakamirire, anamva anzake akuimba pamwamba. Anali atafika onse, ndi Vaileti yemwe. Dzuwa linalowera kuseri kwa phiri, iye n'kungoona mthunzi ukumeza minda ya m'munsi.

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Malizani atamumva, anatenga zitenje za amayi n'kuzilumikiza, ndipo amuna a m'kwaya anakoka Pemphani ngati thumba la makala. Anafika zigongono zitanyuka, thalauzi litang'ambika.

"Mumathamangira chiyani, a Pemphani?" anafunsa Vaileti.

Pemphani anatulutsa mphete. "Ndimafuna ndikuvekeni iyi dzuwa likulowa."

Vaileti anayang'ana mpheteyo, kenako mwini wake.

"Dzuwa ndaliona ndekha, ndipo linali lokongola," anatero mosakweza mawu. "Mpheteyo sungani kaye. Mwamuna wondisiya pa chitunda cha Bunda, pa chitunda cha banja adzatani? Tidzakwerenso. Mukadzafika nane limodzi, mudzandifunse."

Palibe anaseka. Potsika, Pemphani anayenda kumbuyo kwa onse.

Zilonda zitapola anabwererako awiriwiri. Vaileti akaima, nayenso ankaima n'kumupatsa madzi. Dzuwa linkatsika ndithu, miyendo inkamuyabwa, koma anadzigwira mtima. Anafika pamwamba dzuwalo lili psuu, Lilongwe yense atayala kutali m'fumbi lofiirira. Pemphani anagwada, ndipo asanamalize n'komwe kufunsa, Vaileti anatambasula chala.

Tsiku lija anathamanga anathera pathanthwe. Tsiku limene anayenda ndi mnzake anapeza dzuwa ndi mkazi yemwe. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.