Mlenje Amene Adasenza Nkhuni Pamutu

Kalekale, ndikuti kale zedi, nchefu zikadali kudya msipu kuseri kwa nkhokwe, m'tsinde mwa phiri la Chimphangwi mudali mudzi. Tili tonse? Chabwino. Koma manja asaime, mtedzawu sudzisenda wokha.

M'mudzimo mudali mkamwini dzina lake Gwirize. Pofunsira mbeta, Gwirize adadzitama kuti ndi mlenje wa nchefu. Nchefu mukuidziwa inu? Chinyama chachikulu ngati ng'ombe, cha nyanga zopotana, mafuta okhaokha. Iye adati, "Kwathu nchefu ndimangozigwetsa ngati masuku." Akuchikazi adakondwa. Adampatsa Nanthambwe, adampatsa malo a nyumba, adampatsanso munda.

Chaka choyamba adabweretsa mbewa. Chaka chachiwiri, mbewa. Chaka chachitatu, mbewa ndi kanjiwa kamodzi kothyoka phiko. Kumunda nako, kalanga ine, mizere yake idali yokhota ngati njira ya munthu wochokera kumowa. Chokhacho chimene chidamuyendera bwino ndi mwana wamkazi, Mwatitha, amene n'kuti atangoyamba kuyenda dededede. Mwanayo Gwirize ankamukonda kuposa maso ake.

Tsiku lina a Mlongoti, malume ake a Nanthambwe, mwini mbumba yonseyo, adamuitana. Adali munthu wosekaseka, koma mawu awo akatuluka sankabwerera.

"Mkamwini, khalani apa. Fodya uyu, nunkhizani."

"Zikomo, malume."

"Nchefu ija munkanena ija, kodi ikadali m'njira? Kapena inathyoka mwendo?"



"Alongo anga atopa kudyetsa pakamwa pokha," adatero a Mlongoti. "Mvula yoyamba ija, chizimalupsa, isanagwe, ndione mchira wa nchefu pakhonde pano. Ikagwa mchira palibe, mupinde mphasa yanu mubwerere kwanu. Mkazi ndi wathu, mwana ndi wathu, atsala."

Pachikamwini zidali choncho: mwamuna amapita, mwana amatsala. Gwirize adayang'ana Mwatitha akuthamangitsa anapiye pabwalo, mtima wake udamuwawa kwambiri. Adalumbira kuti, "Ine mwana wanga sindimusiya. Khotekhote ngwa njira, kwalinga mtima nkomweko."

Tsono musaganize kuti Gwirize adali wopanda pake konse. Uta ankautha, mivi yake idali yopaka kombe, ululu uja wogwetsa nyama isanapite patali. Nchefu nazo zidalipo. M'chilimwe muja tchire litapsa, zinkabwera kudambo kudzadya maluwa a mvunguti ogwera pansi. Vuto lidali kuyandikira.

M'mamawa adanyamuka. Adapeza nchefu yamphongo, yotuwa, yaikulu, ili pansi pa mvunguti. Adawerama. Adanyang'ama. Adakwawa. Atatsala pang'ono kuti akoke uta, m'mwamba mudamveka:

"Tche-tche-tche-tche! Ndamuona! Ndamuona! Uyo apo!"

Gologolo! Kanthu kochepa ngati chitsononkho, mchira uli m'mwamba, kakugwedezeka thupi lonse ndi ukali. Nchefu idatukula mutu, kenaka liwiro, fumbi kobo.

"Iwe, kodi nchefu ndi mbale wako?" adakalipa Gwirize.

"Tche-tche! Pita kwanu, mkamwini wa mbewa!" kadayankha kagologolo, nkulowa m'mphako.

Tsiku lachiwiri adati, "Lero mtengo uja ndiulambalala." Adadzera m'udzu wotsala kumoto. Adawerama, adanyang'ama, adakwawa. Mwadzidzidzi pansi pa mphuno yake penipeni, phururu! Nkhwali zisanu zidauluka zikukuwa ngati zaona mfiti. Nchefu, liwiro.

Tsiku lachitatu adadzipaka matope thupi lonse, nadzera m'khwawa. Adawerama, adanyang'ama, adakwawa. Potulukira pachulu adapeza asulu khumi, tinyama tija tokhala m'chulu, ataima ndi miyendo iwiri, onse akumuyang'ana. Mmodzi adaliza kaphokoso, ena adalandira, gologolo m'mwamba adapolokezera. Nchefu, liwiro.

Gwirize adapsa mtima. Adati, "Tizilombo timeneti nditimaliza." Adatchera misampha, adatchera madiwa, adatchera makhwekhwe. Adagwira agologolo asanu ndi awiri. Mukuganiza kuti kudambo kudakhala bata? Ayi ndithu! Mawa lake mtengo uliwonse udali ndi gologolo wake, ndipo tsopano ankayamba kukuwa iye akadali kutali.

Uku kumwamba mitambo yayamba kusonkhana. Kutentha kwake kosagoneka m'nyumba. Gwirize adabwera masana ali wofooka, nakhala pamtondo wogubuduzika. Mwatitha adabwera kudzamukoka ndevu. Gwirize misozi idalengeza m'maso.

Nanthambwe ankapeta mphale pafupi. Adaika lichero pansi nati, "Bambo a Mwatitha, ndinene?"

"Za kutchire mukudziwapo chiyani inu, mayi a Mwatitha?"

"Palibe. Kungoti nchefu yanu yotuwayo ili ndi chipsera pakhutu lakumanzere."

Gwirize adadzidzimuka. "Mwachiona bwanji chipsera? Ine sindinafike poona ngakhale diso lake!"

"Timaiona tsiku lililonse tikamatola nkhuni. Imangosuntha pang'ono kutipatsa njira. Gologolo wanu uja amadya zake, satilabadira."

"Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa ife sitizemba. Timayenda choimirira, mtolo pamutu, nyimbo pakamwa. Tizilombo timaopa munthu wobisala. Munthu wodzionetsa tinamuzolowera."

Mwamva inu abambo muli apo? Zaka zitatu nzeru ili m'nyumba momwemo, ikupeta mphale. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Koma kudali kovuta. M'mudzi umenewo mwamuna sankasenza nkhuni pamutu. Mwamuna ankanyamula chipika paphewa, chimodzi, n'kumayenda ngati wagwira ntchito. Nkhata, kansalu kopota kaja koika pamutu posenza, idali ya akazi. Gwirize adayang'ana nkhata, adayang'ana mwana, adayang'ana mitambo. Adati, "Bweretsani nsalu yanu."

M'mawa adavala nsalu ya mkazi wake, nkhata pamutu, uta ndi mivi adazibisa pakati pa mtolo wa nkhuni. Nanthambwe patsogolo, iye pambuyo, akuimba:

"Nkhuni zauma, tiye tikatole,
Mwana akulira, tiye tikatole,
Dzuwa lakwera, tiye tikatole."

Adadutsa pachulu, asulu sadatukule mutu. Adadutsa m'udzu, nkhwali zidangopatuka. Adafika pamvunguti, gologolo ali phee, akukukuta kambewu. Nchefu iyo apo, chipsera chili pakhutu.

Ndiye mlenje ndi mlenje basi. Gwirize atangoiona, nyimbo idamuthawa pakamwa. Maondo adapinda okha. Khosi lidalowa m'mapewa.

"Tche-tche-tche-tche! Ndi yemwe uja! Wavala nsalu! Ndi yemwe uja!"

Nchefu, liwiro.

Nanthambwe adagwira m'chiuno. "Bambo a Mwatitha, munasiyiranji kuimba?"

"Zinangochitika."

"Nsalu mwavala, koma miyendo ikadali ya mbala. Uta usiyeni kunyumba. Muyambe mwaphunzira kutola nkhuni."

"Mvula ili pafupi, mayi a Mwatitha!"

"Ndiye yambani lero. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Masiku atatu Gwirize adapita kunkhuni ndi amayi a m'mudzimo, wopanda uta, wopanda muvi. Tsiku loyamba mtolo udagwa kasanu, amayi adaseka mpaka kukhala pansi. Tsiku lachiwiri khosi lidauma, osatembenuka. Pobwera ankadutsa pabwalo pamene amuna anzake ankasoka mphasa ndi kusewera bawo.

"Odi, amayi! Madzi otentha alipo?"

"Mkamwini, mawa mudzatisinjireko!"

"Kodi Mwatitha tsopano ali ndi amayi awiri?"

Manyazi ankamutentha ngati tsabola m'maso. Ankangokweza nyimbo, mutu uli chilili, nadutsa. Tsiku lachitatu adadutsa pafupi ndi nchefu moti adamva fungo lake, ndipo nyimbo siidaduke. Gologolo adamuyang'ana, adapendeketsa mutu, nabwerera kukambewu kake.

Tsiku lachinayi kudacha kuli bii. Mphepo idanunkha mvula. Kuphiri kunkagunda. A Mlongoti adatulutsa mpando pakhonde, nakhala, maso kumwamba. Alongo awo adali atayamba kale kunong'onezana za mphasa ya mkamwini.

Gwirize adamanga mtolo, uta pakati. Nanthambwe adasiya Mwatitha kwa mng'ono wake. Panjira adaima nati, "Bambo a Mwatitha, mukudziwa chimene ndikuwononga lero? Nyimbo imeneyi anaimba amayi anga, anaimba agogo anga, ndipo nyama zinkaikhulupirira. Lero tizinamiza nayo. Muvi wanu usaphonye, chifukwa kawiri sizitheka."

"Sindiphonya," adatero Gwirize.

Adadutsa pachulu akuimba. Adadutsa m'udzu akuimba. Adafika pamvunguti akuimba. Nchefu idalipo, ikutola maluwa msangamsanga ngati nayonso ikudziwa za mvula. Gwirize adatula mtolo monga mmene amatulira mayi wotopa, mosabisa, nkhuni zidalira gwa. Maondo adafuna kupinda, koma adawakaniza. Adasolola uta akuimba. Adaika muvi akuimba. Adakoka akuimba.

"Mwana akulira, tiye tikatole..."

Thwa! Muvi udalowa kuseri kwa phewa. Nchefu idalumpha, idathamanga kudutsa dambo, idadzandira, nigwa khu pafupi ndi khwawa.

Kenaka gologolo adakuwa, ndipo kukuwa kwake sikudali kwa chipongwe ngati kale. "Tche-tche-tche! Nyimbo yatinamiza! Nyimbo yatinamiza!"

Dontho loyamba lidagwera Gwirize pamkono. Adadula mchira nathamanga. Nsalu ikumukola m'miyendo, nkhata ikadali pamutu, mvula ikumutsata pambuyo ngati galu. Adadutsa pabwalo, amuna aja akuthawitsa bawo lawo. Adafika pakhonde pa a Mlongoti, adagwada, naika mchira pansi. Pomwepo kumwamba kudatseguka, mvula wa-a-a!

A Mlongoti adatola mchira, adautembenuza, adayang'ana mkamwini kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Adaseka mpaka kutsokomola.

Mlongo wawo wina adati, "Achimwene, komatu mvula inayamba kudontha iye asanafike."

"Khalani chete, achemwali," adatero a Mlongoti. "Mchirawu ndauona, koma ine ndikuyang'ana nkhatayo. Mwamuna amene wasenza nkhuni pamutu pamaso pa anzake chifukwa cha mwana wathu, ameneyo sapinda mphasa. Amuna inu a bawo, tengani mipeni, mukasenze nyama ya amayi anu aja."

Adapita, mvula ikuwakwapula, ndipo adaisenza. Mudzi wonse udadya nchefu masiku anayi. Gwirize adanyamula Mwatitha ali chinyowere, mwanayo adamuvula nkhata nkudziveka yekha. Nkhata imeneyo Gwirize adaipachika pamwamba pa chitseko, pambali pa uta, ndipo idakhala pomwepo mpaka iye adamera imvi.

Koma mvula itakata, amayi atapita kunkhuni akuimba, asulu adathawira m'chulu, nkhwali zidauluka, gologolo adakuwa kuyambira pamene adawaonera mpaka adapita. Nchefu zidasamukira kuseri kwa phiri, osabweranso. Nanthambwe adaima pansi pa mvunguti uja, adamva chisoni, nati, "Ndinadziwa. Koma mwana wanga ali ndi bambo." Adasenza mtolo wake nabwerera kumudzi.

N'chifukwa chake mpaka lero gologolo amakuwira aliyense, wozemba ndi woimba yemwe, mwamuna ndi mkazi yemwe. Sakhulupiriranso nyimbo ya munthu.

Phunziro lake nali, ndipo mulisunge: ukafuna chachikulu, yamba waphunzira makhalidwe a tating'ono, ndipo usanyoze nzeru chifukwa yachokera kwa munthu wa lichero. Manyazi sapha, koma kunyada kumalanditsa mwana. Komanso dziwani kuti chikhulupiriro chimanamizidwa kamodzi kokha, choncho musachiwonongere chinthu chachabe.

Nthano yanga yatulira mtolo pompa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaphule isanapserere, ndipo inu mwadya mtedza wambiri kuposa umene mwasenda, ndakuonani ngati gologolo.